Chala Chachikulu cha a Tu

Mbiri imene ikuyenda mumsewu wathu, makamaka madzulo tikamadikira galimoto ya zinyalala aliyense atanyamula thumba lake, ndi yakuti a Tu Chin-fa anabwezapo mzimu wa nkhumba. Akuti inali nkhumba yaikazi, inadzidzimuka ndi makombola a pa chikondwerero cha kachisi n'kusiya kuyamwitsa. Mwini wake anabwera nayo pa lole, a Tu anaizungulizira kapu ya mpunga kumphuno ndi kumchira akuitchula dzina, ndipo pobwerera inali ikuyamwitsa ana khumi ndi awiri, ena osakhala ake n'komwe. Amene amaikamba bwino nkhaniyi ndi mayi wogulitsa mkaka wa soya pakona, ndipo chaka chilichonse amawonjezerapo kamwana kamodzi. Palinso ena amene amalumbira kuti a Tu anabwezapo mzimu wa munthu amene anauiwala pa bwalo la ndege ku Japan, ndipo anachita zimenezi pa foni.

A Tu akamva izi amagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu wosafuna kudzitama. Zoona zake, nkhumba amangoionera m'mbale.

Ntchito yawo yeniyeni ndi yokonza mafani. Anabadwira kuseri kwa shopu yomweyo, m'tauni yathu yaing'ono kunja kwa mzinda wa Chiayi, ali chitsirizira mwa ana anayi. Abale awo onse anakhoza mayeso n'kumwazikana. Iwo analephera kawiri, mwa njira ziwiri zosiyana, choncho anatsala pakhomo ndi mayi awo, amene anali wobweza mizimu ya ana odzidzimuka. Mayiwo atamwalira, azimayi sanasiye kubwera ndi makanda olira. A Tu ankatuluka manja ali bii ndi girisi n'kunena kuti eni ntchito anatisiya. Azimayiwo ankasuzumira m'kati n'kuyankha kuti, “Nanga kapu ija si iyo?” Umu ndi mmene munthu wamkuluyu anasankhidwira ndi milungu: kapu inalipo, ndipo pakhomo panalibe wina.

Kachitidwe kake aliyense amakadziwa. Amadzaza kapu ndi mpunga wosaphika, kuusalaza pamwamba, kuikulunga ndi malaya a mwanayo, kuyatsa lubani, kenako kuizunguliza pachifuwa ndi kumsana kwa mwana akumuitana dzina kuti kamzimu kamene kathawa ndi mantha kabwerere kwawo. Akamasula malayawo amawerenga mmene mpunga wakhalira, n'kunena chimene chinamuopsa: madzi, maliro, galimoto, kapena galu. Kawirikawiri amakhala galu wa a Hsiao, nkhalamba ya galu yopanda mano imene yasenza milandu ya msewu wonse kwa zaka zambiri popanda kudandaula.

Chinsinsi cha ntchitoyi a Tu anachitulukira chaka chachiwiri, ndipo anangouza akazi awo okha, a Su-lan, kutanthauza kuti theka la tauni likuchidziwa. Mwana wodzidzimuka amachira pakatha masiku atatu. Umubwezere mzimu, masiku atatu. Usamubwezere, masiku atatu omwewo. Amene amachira pompo ndi mayi ake, ndipo mayi akapeza tulo mwananso amagona. Mukawafunsa ngati amakhulupirira zimene amachitazo, amaloza fani n'kunena kuti mphepo nayonso sioneka. Akatero amaweramira ntchito yawo msanga, poopa funso lachiwiri.

Pali nkhani imodzi imene siikambidwa pa galimoto ya zinyalala. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mayi wina wogulitsa nsomba anabwera ndi mtsikana wake wa zaka khumi ndi ziwiri amene anasiya kugona n'kuyamba kuyankhula zosalumikizana. A Tu anamuwerengera kapu zisanu. Yoyamba galu, yachiwiri maliro, yachitatu ngalande, yachinayi sakuikumbuka, yachisanu galu kachiwiri. Ulendo wachisanu ndi chimodzi sunachitike, chifukwa mwanayo anagwa pamsika akuphupha. Anakhala m'chipatala miyezi inayi. Anachira ndithu, koma sukulu inathera pomwepo. Patapita nthawi mayi uja anabwera ndi fani yoti ikonzedwe, ndipo anayankhula mosakwiya, chimene chinawapweteka a Tu kuposa mbama.

“Adokotala akuti si mizimu, A-Fa. Akuti asilikali a m'thupi mwake momwe ndi amene anaukira ubongo, n'kutupa. Akuti tikanafulumira zikanakhalako bwino.”

Kuyambira tsiku limenelo, mwana akalowa m'shopu, a Tu amayamba ayang'ana mwanayo, mpunga pambuyo. Amadziseka okha kuti zinawatengera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuti atulukire kuti wodwala amakhala kunja kwa kapu.

Chaka chino, nyengo yotentha ili pachimake, mafani akufa atadzaza mpaka pakhomo, kunabwera gogo Pan ndi mdzukulu wawo Yi-ching, wa zaka zisanu ndi zitatu. Makolo a mwanayu amagwira ntchito m'fakitale kumpoto, ndipo amene amalamula za iye, ndi za bambo ake omwe, ndi gogo Pan. Gogoyu ndi mkazi wamasiye wa mnzawo wa achimwene awo a Tu, choncho a Tu amawaitana kuti alamu. Iwo amawaitana a Tu ndi dzina laubwana lija, A-Fa, chifukwa anawaonapo ali ndi mamina mpaka kukamwa ndipo sanaonepo chifukwa chosinthira maganizo.

Ulendo woyamba mwanayo ankangoti nyang'anyang'a ndi kusagona, atangochira kumene chimfine ndi kutentha thupi. A Tu anamasula kapu, n'kumupeza wolakwa galu wa a Hsiao.

Patatha sabata anabweranso. Masiku atatu aja anali atadutsa kawiri.

Yi-ching ndi mwana amene masiku onse amalowa akukuwa kuti, “Agogo a mafani, lero mwapha angati?” Tsiku limenelo analowa ngati walowa m'nyumba ya eni. Anakhala pampando. Milomo yake inkatafuna koma m'kamwa munalibe kanthu. Lilime linkatuluka pang'ono n'kubwerera. Dzanja lamanzere linkadzipinda lokha pabondo, ngati likupukusa chinthu chosaoneka.

“Ching-ching, ndine ndani ine?” anafunsa a Tu atagwada.

“Ndine ndani ine,” anatero mwanayo, maso ali pakhoma.

A Tu anadzuka n'kutembenukira kwa gogo Pan.

“Alamu, wagona liti komaliza?”

“Masiku anayi tsopano, mwina kaola kamodzi. Dzulo wandiluma pamkono, ona. Kenako wayamba kuseka, kenako kulira kuti padenga pali anthu. Kusukulu akuti ndi mwano. Galu wakoyo sanali yekha, A-Fa. Yang'ananso bwino.”

“Alamu, uyu si wa kapu. Mupite naye kuchipatala chachikulu ku Chiayi, lero lomwe.”

Gogo Pan anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka padazi.

“Kwa dokotala wapakona ndinapitako, akuti ndi zotsalira za chimfine. Kuchipatala chachikuluko akangomva zoti akuona anthu padenga amutsekera kwa amisala. Mwana wamkazi ameneyu, dzina limenelo silichoka mpaka ukalamba. Ndiye usandiuze maganizo ako. Ine ndabwera kudzamva mpunga, osati wokonza mafani.”

Anayesa kufotokoza za mwana wa wogulitsa nsomba uja. Gogo anati ameneyo banja lawo linasuntha manda a agogo awo molakwika, aliyense akudziwa. Anayesa kunena za ubongo. Gogo anafunsa kuti za ubongo anaziphunzira pa mayeso oyamba kapena achiwiri. Pamenepo a Tu anaona kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akhala akuphunzitsa msewu wonse kumvera kapu, ndipo msewu unaphunzira bwino kwambiri.

Ndiye anatenga kapu.

Mayi awo anawasiyira lamulo limodzi lokha. Mpunga ukakulungidwa, saukhudza. Wokhudza mpunga wanamiza milungu pamaso pawo penipeni, ndipo chala chakecho chimawola. A Tu anali atanamizirapo galu kambirimbiri, koma mpunga weniweniwo anali asanaukhudzepo chibadwire. Anadzaza, anasalaza, anakulunga ndi kamalaya kachikasu ka Yi-ching. Anayatsa lubani. Anazunguliza pachifuwa, anazunguliza kumsana, akuimba mawu a mayi awo ndi liwu lonjenjemera limene gogo Pan anaganiza kuti ndi mphamvu. Ali kumsana kwa mwanayo, kumene gogo sankaona, chala chawo chachikulu chinadinikiza pamwamba pa nsalu.

Atamasula, m'mphepete mwa kapu munali dzenje loti mungaikemo dzira la nkhunda.

“Mayo!” anatero gogo Pan, atagwira pachifuwa. “Chimenechi n'chiyani?”

A Tu anakwinya nkhope, anatembenuza kapu, anaitembenuzanso, mpaka dzenjelo linaloza kumene kuli Chiayi.

“Zoterezi sindinazionepo, alamu. Dzenje ndiye mutu. Laloza uko. Mpunga ukuti mzimu wa mwanayu sunathawe, uli momwemo, koma m'mutumo mwabuka nkhondo. Ukuti amene angaithetse ndi ovala zoyera, oona za ubongo wa ana. Ndipo ukuti asachoke kumeneko mpaka iwowo atanena.”

“Ukuti liti?”

“Ukuti takisi.”

Gogo anathamangira kunyumba kukatenga chikwama. A Su-lan, amene nthawi yonseyi anaima pakhomo lakukhitchini akusenda gwafa, anayandikira n'kusuzumira m'kapu.

“Mpunga wa chaka chino ndi wophunzira,” anatero. “Watchula ndi nambala ya chipinda yomwe?”

“Khala chete, mayi iwe.”

“Dzenjelo lili ndi chikhadabo, a profesa.”

A Tu anathira mpungawo m'mbale msangamsanga.

A Tu anawaperekeza okha gogo Pan ndi mwanayo, atavala malaya awo a pamaliro chifukwa ndi okhawo opanda girisi. Kuchipatala anadikira maola atatu, a Tu akusuzumira chala chawo kuti aone ngati chayamba kuda. Dokotala anali mtsikana woti akhoza kukhala mwana wawo. Gogo Pan atayamba kufotokoza za dzenje, a Tu anatsokomola mwamphamvu n'kulanda nkhani.

“Adokotala, ana amantha ndawaona masauzande. Wamantha amakangamira mayi ake, amalira, amadya pang'ono, pakatha masiku atatu ali panja. Uyu anayamba ndi kutentha thupi masabata awiri apitawo. Kenako tulo tinatha. Kenako khalidwe linasintha, ngati mwamusinthanitsa ndi wina. Tsopano mawu akuchepa tsiku ndi tsiku, akungobwereza anu. Ndiye taonani pakamwapo ndi dzanjalo. Ndinaonapo wina wotere. Chotsatira chake ndi kuphupha.”

Dokotala anasiya kulemba. Anayang'ana milomo ya mwanayo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa a Tu.

“Abambo, mumagwira ntchito ya zaumoyo?”

“Ndimakonza mafani.”

“Ndi wobweza mizimu wamkulu,” anawonjezera gogo Pan. “Anabwezapo ndi wa nkhumba.”

A Tu anayang'ana pansi kufuna poti alowe, koma simenti ya kumeneko ndi yolimba.

Yi-ching anamugoneka tsiku lomwelo, ku chipinda cha ana, osati kwa amisala. Anamumata timawaya kumutu, anamutenga madzi a mumsana. Mawa lake masana anaphuphadi, anamwino ali pomwepo, ndipo a Tu atamva anakhala pansi m'shopu mwawo pakati pa mafani kwa ola lathunthu osagwira kanthu. Dokotala anaitana makolo, amene anafika pa sitima, n'kuwafotokozera zofanana ndi zimene mayi wa nsomba ananena. Asilikali a m'thupi asokonezeka, akumenya ubongo ngati mdani. Mankhwala owatontholetsa alipo, ndipo kuyamba msanga ndi kumene kumathandiza. Koma anachenjeza kuti matendawa sachoka mothamanga. Mwana akhoza kuoneka ngati akuipiraipira asanayambe kubwerera, ndipo zikhoza kutenga masabata, mwinanso miyezi.

Makolo anabwerera kuntchito patatha masiku asanu, fakitale siidikira munthu. Gogo Pan anatsala pampando wa pambali pa bedi. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Yi-ching anasiyiratu kuyankhula, chakudya chinkadzera pa kapaipi ka m'mphuno. A Tu ankapitako pa masiku awiri alionse ndi phala la mpunga la gogo, ndipo pobwerera ankanunkhiza chala chawo m'basi. Sichinawole. Iwo anaona kuti mwina milungu ili ndi mzere wautali, kapena nayonso inali kufuna takisi.

Koma a Su-lan anali atasenza chinsinsi masabata awiri athunthu, chinthu chimene thupi lawo silinazolowere. Madzulo ena, akudikira galimoto ya zinyalala, anangonong'oneza mng'ono wawo, ndipo anachita zimenezi monyadira, kuti mdala wawo ali ndi nzeru kusiyana ndi mmene amaonekera. Mng'onoyo anauza mayi wa mkaka wa soya. Pofika Lachisanu, nkhani inali yakuti a Tu analowetsa mkono wonse m'kapu, ndipo chipatala chimawapatsa nkhuku pa mwana aliyense.

“Ndinangouza munthu mmodzi,” anatero a Su-lan, nkhope ili gwa koma maso akuthawa.

“Mmodzi wake ndi amene ali ndi pakamwa pa anthu makumi anayi!”

“Ndimakutamani, mdala inu. Zaka zonsezi ndi liti ndinakutamanipo?”

“Ukanapitiriza momwemo!”

Loweruka m'mawa a Tu anakwera basi yoyamba. Atatuluka m'chikepe anawapeza gogo Pan atakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha ana, chikwama chachikulu chomangamanga chili pamiyendo, kachidole ka Yi-ching katasuzumira pazipi. Foni inali m'manja.

“Khala apa, A-Fa.”

Anakhala, mbale ya phala ili pamaondo ngati mwana wasukulu.

“Mwana wa mchemwali wanga ali panja ndi galimoto,” anatero gogo. “Kumapiri kuli kachisi, kuli munthu amene mulungu amamulowa zenizeni, osati zako za kapuzi. Akuti ana otere amadzuka tsiku lomwelo. Bambo wa Yi-ching ndayankhula naye. Walira, koma akuti chimene ndinene asainira, ngakhale zomutulutsa.”

“Alamu, adokotala akuti chiyani?”

“Akuti dzulo wagona maola anayi. Akuti anatsatira namwino ndi maso. Maso! Ndinabwera ndi mwana woyenda ndi miyendo yake, lero akundiwerengera maso. Akuti ndikamuchotsa pano mankhwala aduka pakati, akhoza kuphuphira m'galimoto. Iwo azinena, ndi ntchito yawo.”

“Maola anayi si pang'ono, alamu. Masabata atatu sanagone.”

“Usandiphunzitse. Ine pano sindinakhalire kadokotala kachichepere kaja. Sindinakhalirenso iwe. Ndakhala masiku khumi ndi asanu ndi awiri pa mpando wothyola msana chifukwa mpunga unati asachoke. Tsopano ndikumva kuti mpungawo unali ndi chikhadabo.”

A Tu anasuzumira pa galasi la chitseko. Yi-ching anali chigonere, milomo ikuyendabe koma pang'onopang'ono, botolo la mankhwala likudontha pamwamba pake. Iwo anaganiza za mayi awo, amene mwina pa nthawiyo ankawayang'ana kuchokera kumene ali, ndodo ili m'manja. Anaganizanso kuti pa moyo wawo wonse wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, kuwerenga kolondola anachita kamodzi kokha, ndipo kunali kwachinyengo.

Gogo Pan anatsegula chikwama chaching'ono n'kutulutsa kathumba kofiira ka kukachisi, kamene amavala m'khosi pa maulendo. Anakaika pamwamba pa mbale ya phala.

“Ika dzanja apa. Lomwelo, lamanjalo. Ndinakuona uli wamamina, A-Fa, ndipo ukanama khutu lako limafiira. Ukandiuza kuti unali mpunga wokha, ndiimbira mnyamatayo abwerere, ndikhala pano mpaka ovala zoyerawo atanena okha. Ukandiuza kuti chinali chala chako, tinyamuka dzuwa lisanafike pamutu. Unaukhudza?”

Namwino wina anadutsa akukankha kangolo ka mankhwala. A Tu anaika dzanja pa kathumbako, chala chachikulu chili pamwamba poonekera. Anatembenuza mutu kuti gogo aone bwino makutu onse awiri, anawayang'ana m'maso, n'kuyankhula mokweza mpaka namwino uja anacheuka.

“Alamu, mpunga umene uja sindinaukhudze.”